Mfundo ya Bango Imene Sindinamange

Alamu anga sankadya nsomba. Anali Mngoni wa kumtunda, cha ku Bembeke, ndipo kwawoko nsomba ankaiyesa msuweni wa njoka. Komabe m'midzi yonse ya m'mbali mwa mtsinje wa Linthipe munalibe munthu wokonda kuwedza ngati iwo.

Anakwatira mlongo wanga wopondana naye, iye wamkulu ine wamng'ono. Anamulowola ndi ng'ombe monga mwa mwambo wa kwawo, koma m'malo momutengera kumapiri anadzamanga nyumba kwathu kuno. Abale awo ankati mkazi wawadyetsa mankhwala. Ife tinkadziwa kuti chinawakoka ndi dziwe.

Dziwelo linali pamene mtsinje umakhota. Linali lalitali ndi lakuya, mbali ina bango lothithikana, mbali ina mitengo ya katope yoweramira m'madzi. Munthu wokhala kumunsi kwake sankaona zochitika kumtunda, chifukwa bango linkatchinga pokhotapo.

Nthenda yowedzayi anaitenga ali mnyamata, pamene ankasenza katundu wa mzungu wina woyendayenda amene ankati akaona madzi, ulendo waima. Posiyana, mzunguyo anawapatsa mbedza imodzi yachitsulo, yokhala ndi kamunga koloza m'mbuyo. Zinali zaka zija nkhondo isanabwere kudzatenga amuna a m'midzi, ndipo mbedza yotero sukanaipeza pafupi. Ankaisunga m'kabango kotseka kukamwa, n'kukakoleka m'khosi, pamene anzawo a kumishoni ankakoleka korona. Anasenda khungwa la mombo lonse lathunthu, n'kulimanga nsonga zonse ziwiri, ming'alu n'kumata ndi utomoni. Limenelo ndilo linali bwato lawo, lokwana munthu mmodzi ndi chikho cha nyongolotsi.

Tsiku lawo linali Lamulungu masana. Mkati mwa sabata ankalima ngati wina aliyense. Koma Lamulungu, anthu akabalalika kumapemphero, iwo ankasenza nsungwi yawo n'kutsetsereka. Nsomba akaigwira ankainyamula ndi zala ziwiri, kuiyang'ana, kuiyankhula pang'ono, kenaka n'kuibweza m'madzi.

"Alamu, dzuwa lonseli mwapserera chiyani?" ndinawafunsa tsiku lina nditaima pagombe. "Mwagwira zinayi, zitatu mwabweza."

"Zija zasiya ana kunyumba."

"Nanga iyi?"

"Iyi yandiyang'ana mwamwano. Ikaonane ndi achemwali anu."

"Inu osalawako ngakhale msuzi?"

"Inu Achewa mumadya chilichonse chimene chalephera kuthawa," anatero akuseka. "Ine ndimangofuna kumva chikukoka. Mukadzamva kamodzi kokha chikukoka pansi apo, alamu, khasu mudzaliiwala."

Panali khalidwe lawo lina limene mudzi wonse unkalidziwa. Mbedza ikakodwa pamuzu pansi pa madzi, sankakoka kuti chingwe chiduke. Ankavula nsalu, kulowa m'madzi, kutsata chingwe ndi dzanja mpaka pansi, n'kukaiwonjola. Ine ndemwe ndinawaonapo kangapo akuvuuka, mbedza ataluma ndi mano, madzi akuchucha m'ndevu. Ndalemba zimenezi poyamba kuti pasadzapezeke wondichitira chifundo n'kumati mwina sindinkadziwa.

Nthawi imeneyo ndinali ndisanakwatire. Ndinkatsika phiri ndi mtolo wa fodya ndi nyemba kupita kunyanja, masiku awiri panjira, n'kubwerako ndi usipa wouma. Kumeneko ndinkafikira kwa mkulu wina, msodzi wa chala choduka, amene ankakonda fodya wa kwathu. Iye ndiye anandionetsa kusenda luzi la chitsamba cha bwazi, kupota chingwe pantchafu, ndi kuluka ukonde diso ndi diso. Anandiuzanso mawu awiri amene ndinawasunga kuposa malamulo a Mulungu.

Oyamba anali akuti ukonde wooneka ndi wa anthu onse. Ukaopa akuba, onjeza miyala kumunsi kuti timitengo toyandama timire mkono umodzi pansi pa madzi, ndipo chingwe umange pamuzu, osati panthambi.

Achiwiri anali akuti chingwe chikagwedezeka mwamphamvu, usathamange. "Nsomba yaikulu ukaikoka idakali ndi mphamvu, imang'amba ntchito ya miyezi itatu," anatero. "Khala pansi, fwenkha fodya, itope yokha."

Pokwera phiri ulendo wina, dengu la usipa likundidya khosi, ndinaganiza za dziwe lathu ndi milamba imene alamu ankaibweza m'madzi. Ndinati ndikuvutikiranji ndi nsomba za kutali, pamene zathu zikukalamba pakhomo? Pamsewu wa ku Linthipe pankadutsa amtengatenga tsiku ndi tsiku, anthu anjala, ogula chilichonse chowamba. Ndinkafuna nsalu yabwino ndi bulangete, chifukwa kutsidya kunali mtsikana wina amene ndinkachita manyazi kumuyandikira ndi chigamba changa.

Kwathu kunali mwambo wa pamtsinje. Munthu akatchera mono, kapena akazika zisonga m'madzi, ankagwira mabango atatu pagombe n'kuwamanga mfundo imodzi pamwamba. Aliyense woona mfundoyo ankadziwa kuti pansi apo pali chinthu cha munthu, asasambepo, asaponyepo mbedza. Sinali ntchito yaikulu. Ngakhale mwana ankatha kuimanga osatula mtsuko.

Ine sindinamange. Ndinkadziwa kuti anthu akamva zoti ndaika ukonde wa kunyanja m'dziwe la mudzi wonse, adzati ndikumaliza nsomba za anthu, ndiuchotse. Ena akanauba, ena akanaluka wawo. Choncho ndinalukira kudimba, m'kachisakasa kolondera anyani, miyezi itatu yathunthu. Ndinapangana ndi mtima wanga kuti ndizitchera Lolemba, kuonjola Lachiwiri, ndipo pofika Loweruka m'dziwe musamakhale kanthu. Alamu ndi a Lamulungu. Ndinkadziona wochenjera.

Mpata wonena unabwera wokha. Tsiku lina tikufolera nkhokwe ya mlongo wanga, alamu ali pamwamba ine ndikuwaponyera udzu, anandiyang'ana mwendo.

"Alamu, ntchafu yakumanjayo ubweya wapita kuti? Yasalala ngati ya namwali."

"Ndikupota zingwe."

"Zingwe zothera ubweya wonse? Mukufuna kumanga njovu?"

"Misampha ya nkhanga," ndinatero.

"Nkhanga zake zingati? Achimwene ako akufuna kutha nkhanga za dziko lonse," anafuulira mlongo wanga amene ankasinja pafupi. "Uwauze atisiyireko yolira m'mawa."

Mlongo wanga anaseka, ine ndinaseka nawo. Mawu anafika pakhosi. Ndikanangoti, alamu, kumunsi kwa dziwe, pa katope wopendekeka, musamaponyepo. Akanandinyoza masiku awiri, n'kundisungira chinsinsi, chifukwa sanali munthu wa pakamwa. Ndinatola mtolo wina wa udzu n'kuwaponyera.

Ndinatchera kawiri, kuyambira pamuzu wa katope uja mpaka pokhota paja, ndipo zinayenda. Milamba ndinaiwamba kudimba komweko, n'kukagulitsa pamsewu kwa anthu osandidziwa. Ulendo wachitatu unali nthawi ya masika, chimanga chikuyamba kuuma, madzi a mumtsinje akadali odera ndi mvula yomaliza.

Linali Lachiwiri, dzuwa litakwera ndithu. Ndinadzera njira ya kumunsi, yodutsa m'tchire, kuti ndisakumane ndi amayi opita kukatunga. Nditafika pa katope uja ndinagwada n'kupisa dzanja m'madzi kufufuza chingwe pamuzu. Chinali chitakungika ngati nsinga ya uta. Kenaka chinakoka, mpaka muzu wonse unanjenjemera, masamba a pamwamba n'kugwera m'madzi.

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinati uwu ndi mlamba, agogo ake a milamba yonse, bulangete lija ndi ili. Chingwe chinakokanso, kawiri, katatu, mwaukali. Chapakati pa dziwe panatuluka thovu. Manja anga ankafuna kukoka, koma ndinakumbukira mkulu wa kunyanja uja. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinakhala pamwala, ndinatulutsa kansupa kanga ka fodya. Ndinathira pachikhatho, ndinafwenkha mphuno iyi, ndinafwenkha inayo. Ndinayetsemula. Ndinkayang'ana muzu ukugwedezeka, ndikumwetulira, ndikuwerengera mumtima anthu amene adzadabwa.

Kugwedezekako kunayamba kuchepa. Kunabwera patalipatali. Kenaka kunabwera kamodzi, pang'ono, ngati munthu akukukodola ndi chala. Muzu unakhala bata.

Ndinatseka kansupa, n'kuimirira. Pamenepo ndi pamene bwato la khungwa linatulukira pokhota paja, kuseri kwa bango, likuyenda lokha ndi madzi. Linabwera pang'onopang'ono, likuzungulira, mpaka linadzagunda muzu womwewo. M'katimo munali nsalu yopinda bwino, kabango kaja kali pamwamba pake, chikho cha nyongolotsi, ndi chimanga chootcha chodyedwa mbali imodzi.

Ndinadziponya m'madzi ndi mpeni. Ndinawapeza mkono umodzi ndi theka pansi pa madzi, pafupi kwambiri ndi mpweya, mwakuti akanatambasula dzanja likanatuluka. Koma dzanjalo linali litakulungidwa, ndi phazi lomwe. Ukonde wa bwazi ukagwira chinthu chophupha, umachifunyiza chokha. Ndinadula, ndinavuuka, ndinamiranso, ndinadula. Nditawakokera pamchenga ndinawatembenuza, ndinawafinya pamimba, ndinawaitana. Madzi anatuluka. Iwo sanabwerere.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndinazichita ndi mutu wabwinobwino. Ndinachotsa timazingwe tonse m'zala zawo ndi m'kakolo. Ndinawakankhira m'madzi oyenda kuti akatsakamire pamiyala ya kumunsi, pafupi ndi potungira. Ndinakoka ukonde. Mbedza yawo inali itakola chingwe cha pamwamba, nsungwi ikulendewera. Nsungwiyo ndinaisiya ipite ndi madzi, mbedza ndinaimanga pakona pa nsalu yanga. Ukonde ndinaukwirira kudimba, pansi pa nthochi, ndi milamba inayi imene inali momwemo. Kenaka ndinatenga khasu n'kuyamba kupalira pamalo popanda udzu, kudikira kulira.

Kulirako kunamveka dzuwa lili pamutu. Ndinathamanga pamodzi ndi amuna ena. Ndinagwira kumiyendo powanyamula. Mkulu wina anaona mikwingwirima pakakolo n'kunena kuti ndi mizu ya katope, inawagwira akutsata mbedza yawo ija. Onse anavomereza. Wina anafunsa kuti nanga Lachiwiri ankatani kudziwe, munthu wa Lamulungu?

Mlongo wanga ndiye anayankha, akugubuduka pabwalo, mwana wawo wamkazi wa zaka zitatu ataima pambali pake. "Ndawatuma ndine. Ndati nkhwani wandikola, kanditengereni kansomba kamodzi. Ati lero si tsiku lake. Ndati kodi nsomba zimadziwa masiku? Ndawatuma ndine."

Anabwereza mawu amenewo tsiku lonse, ndipo anthu onse anawamva. Anawamvanso abale a alamu atatsika kuchokera kumapiri.

Maliro atatha anakhala pansi amuna a mbali zonse ziwiri. Wowayankhulira anali mkulu wawo wa malemu, munthu wamtali wosakweza mawu. Anati kwawo munthu sakhudza nsomba, ndipo mbale wawo anafera ndiwo ya mkazi. Anati sakufuna mbuzi kapena nkhuku, chifukwa mkaziyo wavomera yekha ndipo chisoni chake achiona. Koma ng'ombe zinaperekedwa, mwana ndi wawo, ndipo sangamusiye kuti akulire pamphepete pa madzi amene anadya atate wake.

Amalume athu anayesa kupempha kuti mwanayo ayambe wakula. Mkulu uja anapukusa mutu. Kenaka anayang'ana ife tonse mmodzimmodzi.

"Ngati alipo wodziwa china chimene ife sitikudziwa, anene tsopano. Sitinabwere ndi nthungo."

Ndinali nditakhala kumbuyo kwa amalume, mbedza ili pakona pa nsalu, ikundibaya m'chiuno. Ndikananena, mlandu ukanachoka pa mlongo wanga n'kubwera pa ine. Mwina akanandimanga, mwina akanatilanda mbuzi zonse, mwina mwanayo akanamutengabe. Sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mlongo wanga akanagona usiku umenewo akudziwa kuti sanaphe mwamuna wake. Ndinayang'ana pansi, n'kumatsata nyerere imene inkakoka njere ya mapira.

Mwanayo anapita m'mawa mwake, ataberekedwa ndi azakhali ake. Sanalire, ankayesa ulendo wokacheza. Ananyamula kachikho ka atate wake ka nyongolotsi kaja, kamene anakatola yekha.

Kuyambira tsiku limenelo mlongo wanga sanadyenso nsomba. Akamva fungo lake ankatuluka m'nyumba. Madzi ankakatunga kuchitsime chakutali, kusiya mtsinje uli pafupi. Chaka ndi chaka akakolola ankasenza dengu la ufa kukwera mapiri kukaona mwana. Ankamulandira mwaulemu, kumupatsa mphasa, koma mwanayo ankabwera kudzagwada patali ngati kwa mlendo. Chaka china anabwerako n'kundiuza kuti mwana wamufunsa ngati n'zoona kuti atate anafera ndiwo. Ndinafunsa kuti munamuyankha chiyani. Anati, "Ndikanamunamiza?"

Ine ndinamulimira munda, ndinamumangira nyumba kawiri, ndinamugulira nsalu. Anthu ankati pali mlongo wa chitsanzo m'mudzi muno. Iye ankati ndikapanda iwe ndikanakhala wa yani. Mawu amenewo ankandilowa ngati minga ya m'phazi. Nkhondo itabwera ndinapita kukasenza katundu osadikira kugwidwa, ndikuyembekeza kuti kumeneko ndikatsala. Anzanga abwino anatsala, ine ndinabwera. Ndinakwatira mtsikana wa kutsidya uja, ndinabereka ana, ndinabatizidwa. Poulula machimo ndinanena kuti ndinachititsa imfa ya munthu mosafuna ndipo ndinabisa. Bambo wansembe amene anandimvera anati Mulungu wakhululuka, koma ngati alipo wamoyo amene akusenza katundu wanga, ndikamutule. Ndinavomera. Ndinatuluka m'tchalitchi, ndinadutsa pakhomo pa mlongo wanga, ndinamupatsa moni, n'kupitirira. Zinatero zaka zina zambiri.

Mwana uja anakula, anakwatiwa ndi munthu wa kwawo komweko, n'kupita naye kumigodi ya kum'mwera. Uthenga unabwera kamodzi kuti ali ndi ana atatu. Wachiwiri unabwera patapita zaka, wakuti anamwalira.

Ndinanena tonse titakalamba. Mlongo wanga anali atayamba kusaona bwino, ndipo ankakhala ndi mdzukulu wanga wina wamkazi womuphikira. Mlongo wangayo ndinamupeza masana atakhala pakhonde akusola nyemba. Ndinakhala pansi, osati pampando. Ndinamasula mbedza n'kuiika m'dzanja lake.

Anaipapasa ndi chala chachikulu mpaka anafika pa kamunga kaja. Chalacho chinaima pomwepo.

"Waitenga kuti?"

Ndinafotokoza zonse, kuyambira kunyanja, bwazi, miyala, mfundo imene sindinamange. Sanandidule. Nditafika pa chingwe chogwedezeka ndinafuna kulumpha, koma iye anamva kuti ndalumpha.

"Unawapeza atafa kale?"

"Ayi, achemwali."

"Unatani?"

"Ndinayesa mlamba. Ndinakhala pansi kuti utope."

"Nthawi yaitali bwanji?"

"Fodya mmodzi."

Anaika lichero la nyemba pansi. Nkhuku inabwera n'kuyamba kujompha m'lichero, iye osaiingitsa. Ndinkadikira kuti alire, kapena andigende ndi chilichonse chimene chinali pafupi.

"Tsiku lija anafunsa akulu aja kuti alipo wodziwa china," anatero, "iwe unali pomwepo?"

"Ndinali kumbuyo kwa amalume."

"Ndi ichi?"

"Chinali m'chiuno."

"Ndipo pamene ndinabwera kumapiri n'kukuuza zimene mwana anandifunsa, unadya ufa wanga tsiku limenelo."

Anafumbata mbedza ija m'dzanja.

"Ukonde ndikanakukhululukira," anatero. "Fodyayo ndikanakukhululukira, unali mwana wopusa. Koma mwana wanga wapita m'manda akudziwa kuti amake anapha atate wake chifukwa cha ndiwo. Ameneyo ukamuuza bwanji?"

Anatambasula dzanja kundibwezera mbedza. Ndinati ndi yanu, achemwali. Anati ayi, wasunga zaka zonsezi, pitiriza. "Ana ake alipo atatu kwinakwake. Akudziwa zimene anawauza amawo. Ukawauze iwowo. Kwa ine usabwerenso."

Anakhala ndi moyo mvula zina ziwiri. Nyumba zathu zinali zoyang'anana, koma akamva mawu anga pabwalo ankalowa m'nyumba. Chimanga chimene ndinkatumiza chinkabwerera. Patatha mlungu umodzi chinenereni, mdzukulu wanga uja anabwera kudzandiuza ngati nkhani yoseketsa kuti agogo aitanitsa matemba. Anati anadya pang'onopang'ono, mitu yomwe, kenaka anapempha kuti awaperekeze kumtsinje. Anakakhala pagombe mpaka dzuwa kupendeka, mapazi ali m'madzi. Zimenezo ndizo zokha zimene ndinamubwezera, nsomba ndi mtsinje, zaka makumi anayi zitapita.

Atadwala komaliza ndinapita kukaima pakhomo. Mdzukulu analowa kukanena kuti ndabwera. Anatuluka n'kundiuza kuti akufunsa ngati ndawauza ana aja. Ndinati sindikudziwa kumene ali. Analowanso, ndipo sanatulukenso ndi mawu ena.

Chaka chotsatira ndinalowa sukulu ya akuluakulu imene inkachitikira m'tchalitchi masana. Ndinakhala pakati pa amayi oyamwitsa, ndikugwira choko ndi zala zouma, anthu akundiseka kuti agogo mukufuna kudzalemba kalata yofunsira mbeta. Kalata imene ndinkafuna kulembera ana aja sindikanatha kuuza munthu wina kuti andilembere. Zinanditengera zaka zitatu kuti dzanja limvere.

Ndakwera kumapiri kawiri kukafunsa. Amene ankadziwa anatha. Mayi wina wokalamba anati akukumbukira kuti panali mtsikana amene atate wake anamira chifukwa cha ndiwo, koma kumene kunapita ana ake sakudziwa. Ndafunsa amuna obwera kumigodi, aliyense amatchula dera lina.

Mapepala awa ndawapinda pamodzi ndi mbedza, n'kuwaika m'chitini pamwamba pa khoma. Envulopu ndinagula kale. Kumaso kwake sikunalembedwe kanthu.